MAVITAMINI SANGALOWE M'MALO MWA MANKHWALA A MTIMA

Munthu akapulumuka matenda a mtima odzidzimutsa, aja obwera pamene mtsempha wopereka magazi ku mtima watsekeka, abale amafunsa kuti: "Kodi timugulire ciani kuti asadwalenso?" Ambiri amathamangira mapilisi a mavitamini. Musanaononge ndalama, dziwani zinthu ziwiri za m'magazi.

Coyamba ndi kolesterolo, mtundu wa mafuta amene ciwindi cimapanga. Akaculuka amamatirira m'mitsempha, njira ya magazi nkucepa. Caciwiri ndi homocysteine, imene thupi limapanga pogaya nyama, nsomba ndi mazira. Mavitamini a folate, B6 ndi B12 ndiwo amaicepetsa. Kusuta fodya, ucidakwa ndi matenda a impso zimaiculukitsa.

Mu 1969, dokotala wa ku America, Kilmer McCully, anaona mitsempha yoonongeka mwa ana amene anali ndi homocysteine yoculuka kwambiri. Pambuyo pake kunapezeka kuti odwala mtima ambiri ali nayo yokwera. Akatswiri anaganiza kuti imanyula mkati mwa mtsempha, ndipo kolesterolo imamatirira mosavuta pa malo onyukawo.

Kodi tsono kumwa mavitamini kungateteze mtima? Ku Norway anayesa pa odwala mtima oposa 3,700, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2006. Homocysteine inatsikadi, koma matenda a mtima sanacepe. Za kolesterolo ndi zosiyana. Mu 1994, kafukufuku wa odwala mtima 4,444 ku maiko a Scandinavia anaonetsa kuti mankhwala a simvastatin, otsitsa kolesterolo, anacepetsa imfa ndi 30 peresenti.

Conco ngati adokotala anakulemberani mankhwala a kolesterolo kapena a BP, musawaleke cifukwa ca botolo la mavitamini. Folate ilipo kale pamsika: m'nyemba, nshawa, bondwe, cibwabwa ndi repu. B12 ili mu kapenta ndi mazira. Amai, musaphike ndiwo zamasamba mpaka kufiira, pakuti moto wambiri umaononga folate. Cepetsani nyama yonona, soseji ndi mafuta okazingira kambirimbiri. Abambo, lekani fodya.

Mukamva cifuwa cikulemera ngati mwatsamiridwa ndi thumba la unga, ululu ukufika ku dzanja kapena nsagwada, thukuta likutuluka, musayembekeze kuti kuce. Pitani ku cipatala nthawi yomweyo.