Manyowa Oyeretsa Dothi la Poizoni

Ku Umatilla, m'chigawo cha Oregon ku America, asilikali ankataya m'maiwe madzi otsukira mabomba mpaka mu 1965. Dothi linakhuta mankhwala ophulika a TNT ndi RDX. Kulitentha m'ng'anjo kukanadya ndalama zankhaninkhani.

M'zaka za m'ma 1990 anasankha manyowa. Anasakaniza dothilo ndi ndowe za ng'ombe, zitosi za nkhuku, utuchi, msipu wa alfalfa ndi zotsalira za mbatata ya kachewere, n'kumatembenuza miluyo ndi makina. Milu ikufuka nthunzi, tizilombo tosaoneka ndi maso tinkaphwanya poizoniyo. Anayeretsa matani pafupifupi 15,000, n'kupulumutsa madola pafupifupi 2.6 miliyoni.

Ine chimene ndimachilemekeza kwambiri pamenepa ndi lamulo la Superfund la 1980, loyeretsera malo oipitsidwa ndi poizoni. Potsatira lamuloli, bungwe la boma loteteza chilengedwe la EPA ndi asilikaliwo anagwirizana malire: mankhwala aliwonse mwa awiriwo asapitirire mamiligalamu 30 pa kilogalamu ya dothi. Kuyeza kotere n'kodula ndithu, koma popanda kuyeza munthu angathe kungosungunula poizoni m'ndowe n'kumati wayeretsa.

Tisanamizane, manyowa saphwanya zitsulo. Mtovu umene uli m'dothi la ku Kabwe, ku Zambia, tizilombo sitingaudye, ndiye kumeneko dothilo liyenera kuchotsedwa kapena kukwiriridwa.