Njinga Ikatha, Yambani Mwafunsa Amakaniko

Njinga siitha tsiku limodzi. Imayamba ndi kudumphitsa tcheni pokwera chitunda, kenako limu yakumbuyo imapindika, masipoko n'kumaduka awiriawiri, mpaka felemu imang'aluka pomwe anawotcherera kale. Mlonda wochokera ku Chinsapo kukagwira ntchito m'tauni, kapena wantchito wa m'fakitale ku Kanengo amene amapalasa kuchokera kwa Nsungwi dzinja ndi chilimwe, amaona yekha kuti nthawi yogula ina yakwana. Vuto ndi lakuti ndalama zake n'zogulira kamodzi kokha. Akaphonya, abwerera ku minibasi kapena kuyenda pansi. Munthu wotere ndimamulangiza kuti asathamangire kusitolo. Ayambe wakhala pa benchi la amakaniko a njinga amene amakhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika, chifukwa iwowa ndiwo amaona njinga iliyonse itakalamba, pamene wogulitsa amangoiona ili yonyezimira.

Malo awo ogwirira ntchito ngodziwika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga: njinga yogonekedwa chagada, mawilo ali m'mwamba, beseni la madzi lofufuzira pamene chubu chabowoka, pampu yaitali, bokosi la masipanala, hamala, chitini cha girizi, ndi matayala akutha opachikidwa pa nthambi kuti odutsa adziwe kuti pano pamakonzedwa njinga. Ambiri mwa iwo sanaphunzire ntchitoyi m'kalasi. Mnyamata amayamba ndi kupopa ndi kumata machubu pa malo a malume ake kapena a mnansi, kenako amaloledwa kumasula habu, kutsuka timipira tachitsulo ta m'katimo ndi kupaka girizi watsopano. Ntchito yomwe amapatsidwa pomaliza ndi kuluka wilo. Kutenga limu, habu ndi masipoko oposa makumi atatu, kuwapingasa moyenera, n'kumakunga limodzilimodzi mpaka wilo lizungulire osagwedezeka, ndi luso limene limalekanitsa makaniko weniweni ndi womata machubu chabe. Wilo lolukidwa bwino limanyamula matumba a chimanga nyengo yonse yokolola. Lolukidwa mwachangu limapindika pa dzenje loyamba.

Pambali pa makaniko pali anthu ena amene chakudya chawo chimachokera pa njinga yomweyo. Pali wogulitsa masipeya, nthawi zambiri m'kaokala koyandikana naye, amene amapita kukaoda katundu ku Limbe kapena m'masitolo a ku Malangalanga ku Lilongwe n'kumagulitsa chimodzichimodzi: kotapini mmodzi, masipoko asanu, kachubu ka solushoni. Pali wowotcherera, amene amalumikiza felemu yothyoka ndi kupanga keliyala yolimba yachitsulo. Pali telala wosoka khushoni ya mphonje yokhalapo okwera kabaza. Pali anyamata omanga njinga zatsopano kumasitolo, poti njingazi zimabwera m'makatoni zili zidutswazidutswa. Ndiye pali akabaza eni ake, amene ku Mzuzu njinga zawo amazitcha Sacramento, ndi ogulitsa makala amene amakankha matumba kuchokera ku Dzalanyama kupita ku Lilongwe kapena ku Zalewa kupita ku Blantyre. Palibe amene amayesa kulimba kwa njinga kuposa anthu amenewa. Mukaona mtundu wa habu kapena wa tayala umene akabaza a ku Salima kapena ku Liwonde agwirizana kuti ndi wabwino, dziwani kuti wayesedwa ndi thukuta.

Mukamufunsa makaniko kuti ndigule njinga yanji, sathamangira kutchula dzina. Amayamba wafunsa kuti, "Mumachokera kuti, achimwene, nanga mumanyamula chiyani?" Funsoli lili ndi nzeru, pakuti njinga yoyenera munthu wa ku Mchinji, kumene msewu ndi wathyathyathya, si yoyenera munthu wa ku Bangwe kapena ku Ndirande amene tsiku lililonse amalimbana ndi zitunda za Blantyre.

Kwa ambiri yankho limakhala njinga yakuda ija ya mawilo aakulu a 28, yopanda magiya, ya mabuleki a timitengo tachitsulo. Kapangidwe kake kanachokera ku England. Achikulire amakumbukabe Raleigh ya ku Nottingham ndi Humber, zimene amatchona ankabwera nazo pochokera ku Joni ndi ku Halale, ndipo munthu wokhala nayo ankadziwika mudzi wonse. Masiku ano zambiri za mtundu umenewu zimachokera ku India, makamaka mumzinda wa Ludhiana kumene kuli makampani a Hero ndi Avon, komanso ku China kumene kumachokera Phoenix. Ku Chipata nako kunali fakitale ya Luangwa Industries imene inkamanga njinga za Eagle. Ubwino wa njinga zimenezi si kupepuka, poti n'zolemera ndithu. Ubwino wake ndi wakuti chitsulo chake chilichonse chimapezeka pa msika wa Mitundu, wa Lizulu kapena wa Lunzu, ndipo makaniko aliyense amaidziwa ngati mbale yake yodyera. Koma amakuchenjezani zinthu ziwiri. Choyamba, yatsopano musayambe kuipalasa momwe yachokera kusitolo. Mubwere nayo aikunge masipoko, aipake girizi ndi kumanga bwino makotapini, chifukwa omanga kusitolo amathamangira kuchuluka kwa njinga. Chachiwiri, mabuleki ake sagwira msanga limu yachitsulo ikanyowa, choncho m'dzinja muziyamba kugwira buleki mukadali patali.

Pali njinga ina imene amakaniko amaipatsa ulemu, ya Buffalo. Imapangidwa ndi bungwe la World Bicycle Relief, lomwe linayamba mu 2005, ndipo imagulitsidwa ku Malawi kuno, ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Keliyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100, ndipo buleki yake yakumbuyo ili m'kati mwa habu, imagwira mukapalasa chobwerera, kotero mvula siisokoneza. Mtengo wake ndi wokwera poyerekeza ndi njinga wamba, ndipo wogula ayenera kufunsiratu kuti masipeya ake aziwapeza kuti kufupi ndi kwawo.

Pamene amakaniko amalankhula kwambiri ndi pa njinga za kaunjika. Zimabwera kuchokera ku Japan, ku Ulaya ndi ku America, ndipo zina mwa izo n'zabwino kuposa zatsopano za m'sitolo. Maso a wogula amakopeka ndi yothamangira ija ya mahandulo opindikira pansi ndi matayala oonda ngati chala. Pa tala wosalala imauluka, zimenezo palibe angatsutse. Koma msewu wa munthu wopita kuntchito si tala yekhayekha. Muli mchenga, muli maenje odzaza madzi, ndipo galimoto yaikulu ikamabwera kumbuyo pa M1 umayenera kutsikira m'mbali mwa msewu momwe muli miyala. Tayala loonda pamenepo limaphwa kawirikawiri. Komanso pali msampha wa manambala umene anthu ambiri amagweramo. Tayala la njinga yothamangira, lolembedwa 700C, ku Ulaya ena amalitchanso 28, koma limu yake ndi ya mamilimita 622, pamene ya njinga yakuda ija ndi ya 635. Matayala awiriwa salowana. N'chimodzimodzi ndi 26: la mawunteni baiki limavala limu ya 559, pamene njinga zambiri za m'tauni zochokera ku Japan zolembedwa 26 x 1 3/8 limu yake ndi ya 590. Munthu amagula njinga mosangalala, tayala likatha n'kuzungulira msika wonse osapeza lolowa. Ngakhale valavu ya chubu cha njinga yothamangira ndi yopyapyala mwakuti pampu wamba ya pamsika siigwira popanda kachitsulo kolumikizira.

N'chifukwa chake makaniko woona mtima, munthu wa m'zitunda akafuna magiya, amamulozera mawunteni baiki ya kaunjika ya mawilo a 26, ya felemu yachitsulo, yopanda masipuling'i ambirimbiri. Felemu yachitsulo ikang'aluka, wowotcherera wa pamsika amailumikiza. Ya aluminiyamu ikang'aluka, makina ake wamba sangaithe. Ndipo musanalipire, makaniko amaiyendera yonse: amagwedeza wilo kuti amve ngati habu yatha, amayang'ana ming'alu pansi pa felemu ndi pa foloko, amaona ngati mano a sipuloketi asongoka, amayesa ngati chitsulo cha chishalo chikutuluka kapena chinamatirira ndi dzimbiri. Ndalama yochepa imene mungamupatse kuti akuperekezeni kokagula ndi yaphindu kuposa belu ndi magalasi okongoletsera.

Amakuuzaninso kuti ndalama zonse zisathere pa njinga. Musiyeko za madigadi, kuti matope a mu Januwale asakufikeni kumsana ndi kulowa m'tcheni. Za nyali ndi zonyezimira, poti mu Juni ndi Julaye dzuwa limalowa anthu asanafike kunyumba, ndipo wanjinga wopanda nyali oyendetsa galimoto samuona. Ndi za loko wolimba. Tcheni chikatha musinthire pamodzi ndi fuliwilo, chifukwa chatsopano pa mano akutha chimadumpha. M'nyengo ya fumbi, oyilo wambiri amasonkhanitsa mchenga umene umadya tcheni, ndiye muzithira pang'ono n'kupukuta.

Ntchito ya amakanikowa yavuta m'zaka zapitazi. Pafupifupi chitsulo chilichonse cha njinga chimachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya matayala ndi machubu inakwera. Makasitomala anayamba kupempha kuti chubu cha zigamba zambiri achimatenso, tayala long'ambika alisoke ndi ulusi wolimba. Makaniko amachita zimenezi, koma malipiro a kumata ndi ochepa, ndipo ambiri mwa obwera amakhala akabaza olonjeza kuti alipira madzulo. Njinga zamoto nazo zalanda okwera ambiri m'matauni, ndipo anyamata amene akanaphunzira kuluka wilo tsopano akuthamangira kukonza injini za Lifo. Komabe mafuta akasowa, magalimoto n'kufola pa mafilingi siteshoni, njinga zimene zinapachikidwa kudenga zimatsitsidwa, ndipo pansi pa mtengo paja pamadzaza.

Chimene chimandipweteka n'chakuti anthu amene amasunga dziko lonse likuyenda chotere amagwira ntchito pa dothi, mvula ikagwa n'kumabisa zipangizo pansi pa pepala lapulasitiki. Makhonsolo pomanga misika amakumbukira ogulitsa nsomba, nyama ndi zovala, ndipo n'koyenera kutero. Akanamakumbukiranso shedi yofolera ndi malata yokhala ndi kachipinda kokiya, kuti makaniko asamanyamule bokosi lolemera la masipanala m'mawa ndi madzulo, komanso kuti njinga ya kasitomala imene sinathe kukonzedwa igone pamalo otetezeka.