Beringi Ikakana Kutuluka, Tisankhe Moto Uti?

Mwezi wa Meyi ukamatha, mtedza utauma ndipo thonje litayera m'minda ya kwa Mfumu Sandwe, njinga yamoto sipuma. Ndiyo imanyamula matumba kupita ku Ukwimi ndi ku Petauke, ndiyonso imathamangira kuchipatala usiku mwana akatentha thupi. Ikagona pansi nyengo imeneyi, banja lonse limamva.

Mnzathu wina amene anamaliza maphunziro pano anatibweretsera theka la bokosi la injini ya Bajaj Boxer atalikulunga m'saka. Beringi ya crankshaft inali itatha, koma inakana kutuluka. Anaimenya ndi nyundo mpaka dzanja kutopa, kenaka anapita nalo kwa wowotcherera zitsulo ndi gasi. Beringi inatulukadi. Koma yatsopano inangolowa khwekhwerere, ngati phazi la mwana mu nsapato ya atate ake, ndipo bokosilo linali litapindika moti oyilo sakanakhalamo. Anayenera kuitanitsa lina ku Lusaka pa mtengo woposa wa beringi kambirimbiri, njinga ili chigonere m'khonde pamene anzake akugulitsa mbewu.

Maganizo ake sanali olakwika. Kutentha kumamasuladi chomangika. Bokosi la injini ndi la aluminiyamu, beringi ndi yachitsulo, ndipo zikatenthedwa pamodzi aluminiyamu amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Titenge beringi ya mamilimita 52 m'mimba mwake. Tikaonjeza kutentha ndi madigiri 80, bowo limene yakhalamo limakula kuposa beringiyo ndi mamilimita pafupifupi 0.05. Ndi kampata kochepa ngati tsitsi limodzi, komatu kawirikawiri n'kokwanira. Cholakwika chinali moto umene anasankha. Lawi la wowotcherera limapitirira madigiri 3,000, pamene aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 okha. Choipitsitsa n'chakuti aluminiyamu sachenjeza. Chitsulo chimayamba chafiira, munthu n'kubweza dzanja. Aluminiyamu amakhala wotuwa chomwecho mpaka atafewa n'kugwa.

N'chifukwa chake ife timayamba ndi madzi owira, ngakhale ophunzira ena amaseka poyamba. Kuno kwathu madzi amawira pa madigiri pafupifupi 97, ndipo ngakhale musonkhezere nkhuni zochuluka motani, sangapitirire pamenepo. Ndiye kuti simungawononge bokosi malinga ngati likadali m'madzi. Timachotsa mphira wotsekera oyilo, kutsuka bokosi, kulimiza lonse mumphika waukulu kwa mphindi 15, kenaka kulivuula ndi nsanza zokhuthala n'kuligogoda chafufumimba pa thabwa. Nthawi zambiri beringi imagwa yokha. Ikatsalira, timaikankha pang'ono ndi kamtengo kolimba. Pambuyo pake bokosi liume bwino ndipo zitsulo zotsalamo zipakidwe oyilo kuopa dzimbiri. Mphikawo usabwererenso kukhitchini, amayi asadzatizenge mlandu wa nsima yonunkha injini.

Madzi akalephera, mbaula ilipo pakhomo lililonse. Koma bokosi lisakhudze malasha. Tiike chiwaya chakale kapena chitsulo chophwatalala pamwamba, malasha atasiya lawi, n'kumatembenuza bokosilo kuti kutentha kufike paliponse mofanana, pakuti mbali imodzi ikapsa inzake ili yozizira ndi pamene limapindika. Poyesa, tidonthezepo madzi. Akachita tswee n'kuuma, pakwana. Akasanduka kampira kothamangathamanga pamwamba, tapitiriza kale, tichotse msanga.

Kuli chida chamagetsi chouzira mpweya wotentha chimene amakanika a ku Petauke ndi ku Nyimba amachitcha heat gun. N'chabwino, ndipo amene ali nacho achigwiritse ntchito mochiyendetsa mozungulira bowo. Kungoti chimadya magetsi ambiri moti sola ya pakhomo siingachikwanitse, ndipo tonse tikukumbukira mmene magetsi anavutira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba.

Lawi lili ndi ntchito yake, koma pa chitsulo chokhachokha. Manati a ekizozi akamangika ndi dzimbiri, timayamba tawanyowetsa ndi mafuta omasulira usiku wonse. Akakanabe, tipukute mafutawo, lawi laling'ono lilunjike pa nati, osati pa bawuti, kuti nati ifutukuke n'kuswa dzimbiri. Sipanala ikhale pafupi, timasule nati isanazizire. Tisanayatse chilichonse, thanki ndi kabyuleta zichotsedwe n'kuikidwa kutali. Thanki yopanda petulo si yotetezeka ayi. Mpweya wotsalamo ndi umene umaphulika. Ndipo m'miyezi ya udzu wouma, ntchito yotere tiichitire pabwalo losesa, chidebe cha mchenga chili pambali.

Poika beringi yatsopano, nzeru ndi yomweyo. Bokosi litenthe, beringi izizire. Tiikulunge m'pulasitiki n'kupempha malo mu firiji ya pa golosale kwa maola angapo, ndipo idzalowa popanda kumenya. Ngati ndi beringi yofunika kuitenthetsa kuti ilowe pa shafuti, isapitirire madigiri 120, chifukwa chitsulo chake chimataya kulimba. Yokhala ndi zotsekera za mphira tisaitenthetse n'komwe pa mbaula.

Magineto okha tisawayandikize ku moto wamtundu uliwonse. Kutentha kumafooketsa maginito ali m'katimo, ndipo njinga imadzavuta kuliza pambuyo pake, mwini wake n'kumagula mapulagi atsopano osadziwa pamene palakwika. Amachotsedwa ndi chida chokokera chotchedwa puller. Mwa anzathu a m'mudzi umodzi amene ali ndi njinga zofanana, atatu kapena anayi akhoza kusonkherana n'kugula chimodzi, chizisungidwa kwa amene ali pafupi ndi msewu.