Nkhondo ikabuka kutali, petulo amakwera pa Nselema

Pa Nselema petulo ali ndi mitengo iwiri. Wina ndi umene bungwe loyang'anira mitengo ya mafuta la MERA limalengeza pa wailesi. Winawo ndi wa m'mbali mwa msewu wa Bakili Muluzi, pomwe petulo amathiridwa m'mabotolo amene kale munali madzi akumwa n'kuwandandalika pakathebulo. Mafuta akamapezeka m'malo omwetsera galimoto, mitengo iwiriyi imayandikana. Akangosowa, wa m'botolo umathawa, ndipo wakabaza wopita ku Ntaja kapena ku Namwera amakweza wake tsiku lomwelo. Mwini chigayo cha dizilo satsalira. Posakhalitsa wonyamula nandolo ndi wogulitsa nsomba za ku Chiuta nawonso akweza.

Gwero la zonsezi lili kutali. Malawi sakumba mafuta ndipo alibe fakitale yoyengera. Mafuta akamatuluka pansi amakhala akuda, onata. Amawatenthetsa m'nsanja yaitali yachitsulo, ndipo nthunzi ikamakwera, gasi ndi petulo zimatulukira pamwamba poti n'zopepuka, parafini ndi dizilo pakati, phula la misewu n'kutsalira pansi. Ife timagula oyengayenga, polipira madola a ku America, pamsika umodzi ndi China, India komanso mayiko a ku Ulaya. Dziko lonse lapansi limamwa migolo pafupifupi 100 miliyoni patsiku, ndipo mgolo umodzi ndi malita 159. Zimene amagula Malawi n'zochepa moti sizingasunthe mtengo ngakhale pang'ono.

Msika umenewu ndi wamantha. Mlimi wa ku Machinga amadziwa zimene chimanga chimachita mu February: chikachepa pang'ono chabe, mtengo umalumpha kwambiri, chifukwa munthu sangaleke kudya nsima poti ndowa yadula, ndipo amene ali nacho amayamba kubisa akangomva mphekesera za njala. Mafuta nawo n'chimodzimodzi. Lole, ndege ndi sitima sizingaime, chitsime chatsopano chimatenga zaka kuti chiyambe kutulutsa mafuta, ndipo amalonda akuluakulu amagulirana lero mafuta amene adzafike miyezi ikubwerayo. Choncho mtengo umakwera mfuti zikangomveka, ngakhale mgolo umodzi usanasowe.

Mu 1973, pa nkhondo ya Israel ndi Egypt ndi Syria, mayiko a Aluya adaleka kugulitsa mafuta kwa amene ankathandiza Israel, ndipo mgolo udachoka pa madola atatu kufika pafupifupi 12. Pa 24 February 2022 Russia idalowa mu Ukraine, ndipo pasanathe milungu iwiri mgolo udadutsa madola 120. Dizilo ndiye adapweteka kwambiri, popeza Ulaya ankadalira dizilo wa ku Russia, ndipo atamukana adapita kukalimbirana ndi enafe ku Middle East ndi ku India. Feteleza wa urea, amene amapangidwa kuchokera ku gasi, adakwerera limodzi. Kumeneko ku Middle East kuli kanjira kapanyanja kotchedwa Hormuz, pakati pa Iran ndi Oman, komwe kukakhala bata kumadutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta onse amene dziko lapansi limamwa. Kuyambira kumapeto kwa 2023 gulu la Houthi la ku Yemen lidayambanso kuombera sitima pa Red Sea, moti zambiri zidayamba kuzungulira ku South Africa, inshuwalansi ndi mtengo wonyamulira katundu n'kukwera.

Ogula akachepa mtengo umagwa. Mu April 2020, ndege ndi magalimoto zitaima chifukwa cha Covid-19, mosungira mafuta ku America mudadzaza, mpaka tsiku lina ogulitsa ankachita kulipira munthu kuti awachotsere mafutawo.

Komatu anthu a ku Machinga ndi Balaka adaonapo ndi maso awo zimene nkhondo ya pafupi imachita. Njanji ya ku Nacala imadutsa pakhomo pawo penipeni: kuchokera pa Nkaya, kuoloka Shire pa Liwonde, n'kutulukira pa Nayuchi. Pofika 1984 nkhondo ya Renamo ndi boma la Frelimo ku Mozambique idatseka njanji imeneyi pamodzi ndi ya ku Beira. Katundu wa Malawi adayamba kudzera ku Durban, mtunda wotalika pafupifupi katatu kapena kuposerapo, ndipo boma lidakakamizika kutsegula njira ya kumpoto yopita ku Dar es Salaam. Asilikali a Malawi adatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala, pamene othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi ankalowa m'dziko muno. Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, koma njanji zidatenga zaka kuti zichire. Kumapeto kwa 2024 zionetsero zokana zotsatira za chisankho ku Mozambique zidatsekanso misewu, mathankala a mafuta n'kuima panjira, pamene kuno mizere idali kale italitali.

Apa n'pofunika kunena zoona, chifukwa akuluakulu ena amakonda kuloza Ukraine pa chilichonse. Nkhondo imakweza mtengo wa mafuta m'madola, koma chimene chimaumitsa mapampu kuno kawirikawiri ndi kusowa kwa madolawo. Fodya, tiyi, shuga ndi nyemba zimene timagulitsa kunja sizibweretsa ndalama zokwanira mafuta, feteleza ndi mankhwala. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, pomwe petulo adachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Mapampu adaumaponso mu 2011, pamene kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kudali m'gulu la madandaulo amene adatulutsa anthu m'misewu pa 20 July.

Mwa dongosolo lake, MERA imaonkhetsa mtengo wogulira mafuta kunja, wonyamulira kuchokera kudoko, mphamvu ya kwacha, misonkho monga wokonzera misewu ndi wa magetsi akumidzi, ndi phindu la ogulitsa. Mtengo wofikitsira mafuta kuno ukasuntha kupyola 5 peresenti, wa papampu uyenera kusintha, ndipo kusintha kwakung'ono kumatsekedwa ndi thumba lapadera lokhazikitsira mitengo. Koma kukweza petulo sikukoma kwa andale. Mtengo wa K2,530 udakhala osasuntha pafupifupi zaka ziwiri, mpaka mu October 2025, chisankho cha kuno chitadutsa, pomwe udalumphira pafupifupi pa K3,500. M'nyengo yonseyo makampani oitanitsa mafuta ankagulitsa motaya, ndalama za misonkho ina zinkapita kokwirira dzenje limenelo, ndipo poti mafuta athu adali otsika mtengo kuposa a mayiko oyandikana nafe, ena ankatuluka mozemba m'zigubu. Kwa ine mtengo wotsikawo udali wa papepala chabe. Amene ankaupeza ndi wam'tauni wokhoza kugona pamzere usiku wonse, pamene munthu wa kumalire ankalipira wa mavenda.

Zotchinjiriza zilipo koma n'zochepa. Kampani ya boma ya NOCMA ili ndi nkhokwe ku Matindi, ku Kanengo ndi ku Sonda zotha kusunga malita 60 miliyoni, ngakhale kuti kuzidzaza kumafunanso madola omwewo. Kuyambira 1982 Malawi amasakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake za ku Chikwawa. Mu 2024 sitima ya mafuta ochokera ku Nacala idafikanso ku Lilongwe patatha zaka zambiri. Njanji imanyamula lita motsika mtengo kuposa mathankala ochokera ku Dar es Salaam, koma nayo imayenda pokhapokha ku Nampula ndi ku Niassa kukhale bata.