Mota Yamphamvu pa Njinga Yakapalasa: Zimene Tinaphunzira Mbale Wathu Atagwa

Mpingo wathu uli kumapiri a ku Thyolo, ndipo odwala amene timawayendera amakhala m'midzi yotalikirana. Ambiri a ife m'komiti ya zaumoyo tinapitirira zaka 40. Pachitunda timatsika n'kumakankha njinga, makina oyezera kuthamanga kwa magazi ali pakaliyala, ndipo pakhomo pa wodwala timafika tili wefuwefu. N'chifukwa chake tinasonkherana ndalama n'kugula gudumu lakumbuyo lokhala ndi mota pakati pake, batire, ndi kabokosi kogawa magetsi kotchedwa kontirola. Panali mota ya mawati 250 ndi ina ya mawati 1000. Tinasankha yaikuluyo poganiza kuti ndiyo ithane ndi mapiri athu.

Mlungu wachiwiri usanathe, mbale wathu wina anagwa nayo akukwera chitunda. Ekiselo inazungulira pamalo pake, inapota waya wa mota mpaka kuudula, gudumu n'kuguluka. Anasupuka chigongono ndi bondo. Timathokoza Mulungu kuti kumbuyo kwake kunalibe galimoto.

Chimene chinalakwika

Mmisiri wa njinga amene tinamupeza pambuyo pake anatifotokozera. Mota ikamakankhira gudumu kutsogolo, ekiselo imafuna kutembenukira kumbuyo ndi mphamvu yofanana. Chimene chimaigwira ndi mbali zake ziwiri zophwatalala, zimene zimalowa m'timipata ta kumapeto kwa felemu. Timipata timeneti anatipanga kuti tizinyamula gudumu, osati kulimbana ndi mota. Pang'onopang'ono timakanuka, ndipo felemu ikakhala ya aluminiyamu imatha kung'aluka mosachenjeza.

Mankhwala ake ndi kachitsulo kochindikala kotchedwa torque arm. Kali ndi bowo lofanana ndi ekiselo, ndipo mbali inayo imamangiriridwa kufelemu. Pa mota yamphamvu ngati yathuyi, timayenera kukhala tiwiri, uku ndi uku. Ife tinalibe n'kamodzi komwe. Safunsa anadya phula.

Musanagule, yezani mpata wa pakati pa miyendo iwiri yakumbuyo ya felemu. Mamota ambiri amafuna mamilimita 135, pamene njinga zambiri zopanda magiya n'zopanikiza kuposa pamenepo. Felemu ya aluminiyamu musaikanule mokakamiza. Waya wotuluka mu ekiselo uziyamba waloza pansi kuti madzi amvula asamautsatire kulowa m'mota. Pakatha mlungu woyamba, masipoko ndi manati azimangidwanso, chifukwa amakhwepa.

Mabuleki aziyamba

Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti njinga iime umawirikiza kanayi. Mota ya mawati 1000 imatha kupitirira makilomita 40 pa ola pamalo athyathyathya, koma mabuleki a njinga zathu sanapangidwire liwiro lotere, makamaka limu ikanyowa. Ku Britain ndi m'mayiko a European Union, njinga yamagetsi wamba saloledwa kupitirira mawati 250, ndipo mota imasiya kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola. Yoposa pamenepo imawerengedwa m'gulu la njinga zamoto.

Samalaninso ndi njinga zimene zimaima munthu akapalasa chobwerera m'mbuyo. Buleki yake imakhala m'kati mwa gudumu lakumbuyo, choncho mukachotsa gudumulo kuti muike la mota, mwachotsanso buleki. Ife tinasamutsira mota pa njinga ina ya felemu yachitsulo, ya mabuleki abwino kutsogolo ndi kumbuyo, ndiponso tinaika zogwirira mabuleki zimene zimadula magetsi munthu akangozifinya.

Kuwonjezera mphamvu

Anyamata ena anatilangiza kuti titsegule kontirola n'kuwonjezera mtovu pa kawaya koyezera magetsi, ati kuti njinga iziuluka. N'zoona kuti imakoka kwambiri, koma magetsi odutsa m'mawaya akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Mawaya amasungunuka, mota imapsa m'kati, batire limatha msanga. Ife tinachita zosiyana: tinatsitsa malire a liwiro kufika pa makilomita 25 pa ola. Mota ya m'gudumu imatentha kwambiri ikamakwera chitunda chachitali pang'onopang'ono, motero timaithandiza ndi miyendo. Ikatentha moti dzanja silingapirirepo, timaima kuti izizire.

Batire m'nyumba

Batire la lithiyamu likayaka, moto wake ndi wovuta kuzimitsa ndipo utsi wake ndi wapoizoni. Gwiritsani ntchito chaja yake yokha. Batire la 36V limadzaza pa 42V, ndipo ambiri a 48V amadzaza pa 54.6V, choncho kubwerekana machaja n'koopsa. Musamalitchaje mukugona, kapena pakhomo lotulukira, kapena pafupi ndi mbaula ndi makatani. Likatupa, likaphwanyika kapena likayamba kununkha, litulutseni panja, kutali ndi ana. Lathu timalitchaja Lachisanu masana, wina ali pomwepo, kuti Sabata likamalowa zonse zikhale zitatha.

Pa Deuteronomo 22:8, womanga nyumba analamulidwa kuika kampanda padenga kuti munthu asagwe. Kwa ife, kachitsulo ka pa ekiselo, mabuleki abwino ndi chipewa choteteza mutu ndiwo kampanda kathu. Pamsewu pamayendanso ana asukulu ndi amayi osenza mitolo, ndipo moyo wawo uli m'manja mwa wokwera.

Tizipalasabe

Bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Njinga yongopotokola chogwirira ngati yamoto imatilanda mphindi zimenezo. Tinagwirizana kuti mota izithandiza pokhapokha munthu akupalasa. Sitingapite kukaphunzitsa odwala shuga ndi BP za kulimbitsa thupi ife eni miyendo ili duu.

Mbale wathu uja anachira, ndipo ndi iye amene amasunga sipanala. Lachisanu lililonse amayesa manati, masipoko ndi mabuleki. Midzi imene kale tinkaifika kamodzi pa mwezi tsopano timaifika mlungu uliwonse, ndipo timakhala ndi mpweya wokwanira kuimba ndi kupemphera ndi wodwala.