Mayi Woyembekezera ndi Fodya: Njira Yabwino Yosiyira Ndi Iti?

Amayi ndi abambo a ku Fingoé, Malowera, Chiputo ndi Chipera, fodya ndi mbewu imene imabweretsa ndalama m'makomo ambiri kuno ku Marávia. Popeza tsambalo lili pafupi, ena amapichira chingambwe n'kumasuta, ena amafwenkha, ena amabwira. Mayi wotere akatenga pakati amafuna kusiya, koma chibaba chimamuvuta. Masiku ano kukumveka za chingamu ndi zigamba zosiyitsa fodya, komanso fodya wamagetsi wotchedwa vape. Kodi zimenezi ndi zabwino kwa mwana ali m'mimba?

Kodi fodya amamuchita chiyani mwana?

Zimene zili m'magazi anu zimafika kwa mwana kudzera mumchombo. Utsi wa fodya uli ndi mankhwala oposa 7,000. Umodzi mwa iwo ndi mpweya woipa wa carbon monoxide, womwe uja umakomola anthu akagona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Mpweyawu umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Mulinso nikotini, amene amabweretsa chibaba ndipo amapanikiza mitsempha ya magazi. Mwana akasowa mpweya ndi chakudya chokwanira akhoza kubadwa masiku asanakwane, kubadwa wosakwana makilogalamu 2.5, kapena kubadwa atamwalira. Mayi akhozanso kupita padera.

Chingamu ndi zigamba za nikotini

Awa ndi mankhwala enieni. Chingamu mumatafuna, chigamba mumamata pakhungu. Zimapereka nikotini pang'onopang'ono popanda utsi, kuti chibaba chichepe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaziika pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2009.

Komabe nikotini si chakudya cha mwana. Mu 2013, WHO sinalamule kuti amayi oyembekezera azigwiritsa ntchito mankhwalawa, koma sinawaletsenso. Ku Britain, azaumoyo amawapereka kwa mayi amene walephera kusiya payekha, chifukwa kuopsa kwake n'kochepa poyerekeza ndi kupitiriza kusuta. Amamulangiza kuti azichotsa chigamba pokagona. Choncho yambani mwayesa kusiya popanda mankhwala. Zikakanika, kambiranani ndi anamwino. Musagule nokha.

Palinso mapiritsi osiyitsa fodya otchedwa varenicline ndi bupropion. Amenewa WHO inati asaperekedwe kwa amayi oyembekezera.

Nanga fodya wamagetsi?

Vape ndi kachipangizo ka batire kamene kamatenthetsa timadzi tonunkhira, ndipo nthawi zambiri timadzito timakhala ndi nikotini. Sikawotcha tsamba, choncho poizoni wake ndi wocheperapo kuposa wa ndudu. Kafukufuku wa ku England ndi Scotland amene anatuluka mu 2022 anatsatira amayi oyembekezera 1,140 osuta fodya. Ena anapatsidwa vape, ena zigamba, ndipo mavuto pa ana obadwa sanachuluke kwa amayi a vape kuposa kwa amayi a zigamba.

Koma chenjerani. Amayi aja amatsatiridwa ndi azaumoyo, ndipo zipangizo zawo zinali zoyesedwa. Vape wogula pamsika kapena wobwera m'chikwama kuchokera kutsidya kwa malire, simungadziwe zimene aikamo. WHO imanena kuti fodya wamagetsi amawononga thanzi, ndipo nikotini akhoza kusokoneza kakulidwe ka ubongo wa mwana. Ngati simusuta, musayambe. Kusuta vape kwinaku mukusutanso ndudu sikumuteteza mwana.

Kufwenkha ndi kubwira si njira yosiyira

Amayi ena amasiya kusuta n'kuyamba kufwenkha kapena kubwira, poganiza kuti popanda utsi palibe vuto. Fodya ameneyu ali ndi nikotini wambiri, ndipo nayenso amachititsa kuti mwana abadwe wochepa thupi kapena masiku asanakwane. Dziwaninso kuti nikotini amalowa pakhungu. Pothyola masamba onyowa ndi mame kapena mvula, munthu akhoza kumva chizungulire, mutu ndi kusanza. Mayi woyembekezera apewe ntchito imeneyi.

Zoyenera kuchita

1. Yambani sikelo msanga, ndipo auzeni anamwino zoona. Ntchito yawo ndi kukuthandizani.
2. Sankhani tsiku losiyira, lisapitirire milungu 2. Tayani fodya yense wosungira m'nyumba.
3. Chibaba chikabwera, imwani madzi, tafunani mtedza kapena nzimbe, pitani kukacheza kwa mnzanu. Chimatha pakapita mphindi zochepa. Mlungu woyamba ndiye wovuta, kenako thupi limazolowera.
4. Mukapezeka kuti mwasutanso, musataye mtima. Yambiraninso tsiku lomwelo.

Mawu kwa abambo

Utsi wanu umafika kwa mwana ngakhale mayi sasuta. Musasutire m'nyumba kapena pakhonde pamene akazi anu akhala. Nyengo yokolola, ntchito yothyola fodya ndi ya m'chigafa muigwire ndinu kapena achibale ena. Mukasiyira limodzi, mayi savutika kwambiri, ndipo ndalama ya ndudu igula nsalu ndi sopo wa mwana.

Kumbukirani: mayi akasiya fodya m'miyezi 3 yoyamba, mwana amakula pafupifupi ngati wa mayi wosasuta. Ngakhale mimba yakula, kusiya lero kumuthandizabe mwana wanu. Pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi mukafunse malangizo.