Mpopi ukamalira mphepo ku Area 36, kafunseni ku Dzalanyama

Anthu a mu mzinda wa Lilongwe, kuyambira mabwana a ku Area 10 mpaka ife a ku Area 36, timamwa madzi a mtsinje umodzi, wa Lilongwe. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathuwo ali ndi mathanki aatali kuseri kwa nyumba, pomwe kuno mpopi ukangoyamba kulira mphepo ndiye kuti amayi auyamba ulendo ndi zigubu, kaya ndi usiku.

Madziwa amasungidwa m'madamu awiri ku Malingunde. Damu la Kamuzu loyamba analimanga mu 1966, Lilongwe akadali kaboma ka anthu osakwana 20,000. Likulu litasamukira kuno mu 1975 anthu anakhamukira mumzinda ngati ngumbi, ndipo damu lachiwiri linabwera mu 1989. Pofika kalembera wa 2018 tinali pafupifupi miliyoni imodzi. Khoma la damu loyamba analikweza ndi ndalama za European Investment Bank, zabwino ndithu. Koma damu ndi mtsuko chabe, mtsinje ndi womwe uja.

Mtsinjewu umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama. Aliyense wolawira m'mawa amaziona njinga zitasenza matumba a makala, atatu kapena anayi njinga imodzi, zikulowa m'makwalala athu. Ambiri mwa makalawo ndi Dzalanyama yemweyo. Timagula ndife, timaphikira ndife, ndiye mawa lake n'kumatukwana mpopi. Mitengo ikatha mvula silowanso pansi. Imangothamanga pamwamba itakokolola dothi, dothilo n'kukakhazikika m'damu, malo a madzi n'kumachepa. Madzi a matope amafunanso mankhwala ochuluka kuti ayere ndipo amatseka masefa msanga kumalo oyeretserako madzi ku Area 3. Chilimwe chikafika mtsinje umaphwa changu chifukwa pansi sipanasunge kanthu.

Zinthu zitafika pothina mu 2015, asilikali a nkhondo anatumizidwa kukalondera nkhalangoyi, ndipo a Lilongwe Water Board ndiwo ankathandiza ndi ndalama. Tangoganizani, bungwe la madzi kulipirira mfuti! Chaka chotsatira, 2016, mvula itavuta, madzi anayamba kugawidwa mosinthana madera. Inetu ndimaona kuti msilikali angathe kuthamangitsa wootcha makala, koma sangathamangitse mbaula m'nyumba zopanda magetsi.

Tsono madzi akayera, ulendo wake sunathe. Ochuluka ndithu, oposa limodzi mwa magawo atatu, amatha osabweretsa ndalama: ena amatayikira m'mapaipi okalamba, ena amabedwa ndi akathyali olumikiza mipopi usiku. Palinso akuba mamita ndi zivundikiro zachitsulo n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha.

Pali chinthu china chomwe ambiri sitichidziwa. Paipi ikadzaza, madzi amakankhira kunja, choncho ngakhale itabooka zonyansa sizilowa. Koma madzi akasiya, paipi ija imasanduka bango loyamwira, imakoka chilichonse chili pafupi ndi bowolo. Mu July 2017 anthu a ku Area 18 anatunga m'mipopi mwawo madzi osakanikirana ndi zam'suweji, nkhani mpaka inakalowa kukhoti. Ngati zinachitika ku Area 18 kwa nyumba zomangidwa mwa dongosolo, nanji kuno komwe paipi imadutsa m'ngalande, kuseri kwa bafa, pena pamtunda penipeni ana n'kumapondapo?

Ku kiyosiki kukauma, anthu amathamangira zitsime zokumba pamanja. Ndaziyendera zingapo m'dera lathu lino. Mapoloti ndi aang'ono, moti chitsime cha uyu chimayang'anizana ndi chimbudzi cha uyo, mapazi owerengeka. Kolera yomwe inayamba mu March 2022 n'kufika 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe anali m'gulu la maboma omwe anaika maliro ambiri. Chigubu cha madzi a pachitsime n'chotchipa, eetu, koma mtengo wake weniweni umakaoneka kutenti ya odwala kolera.

Musaganize kuti mavuto a mapaipi ndi a osauka okha. Ku America akulimbana ndi tinkhono ta zigoba ziwiri, tating'ono ngati chikhadabo, totchedwa zebra mussel. Kwawo ndi ku Black Sea ndi Caspian Sea, koma tinawoloka nyanja m'madzi omwe sitima zikuluzikulu zimamwa kuti zisapendame, ndipo tinapezeka ku Lake St. Clair mu 1988. Kakakazi kamodzi kamatha kuikira mazira mpaka miliyoni pachaka. Timamatirira m'kati mwa paipi yokokera madzi, tina pamwamba pa tinzake, mpaka paipi kutsekeka. Mu 1989 tawuni ya Monroe ku Michigan inakhala masiku angapo mipopi ili gwa, tinkhonoti ndi madzi oundana zitatseka paipi. Mu 2024 mtundu wina, golden mussel, unatulukiranso ku California.

Mlendo wathu wotere ife ndi namasupuni. Anachokera ku South America, maluwa ake okongola ngati a paukwati, koma amaswana mochititsa mantha. Mu mtsinje wa Shire iye ndi zomera zinzake amatseka zitsulo zosefera zinyalala ku Nkula ndi ku Tedzani, makina n'kuima. Ku Liwonde anachita kutchinga mtsinje ndi kugula makina omuvuulira, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anabweretsa tianankafumbwe tomudya. Mwina mukuti za ku Shire zikutikhudza bwanji a ku Area 36? Madzi sakwera okha m'mathanki a mumzinda, amakankhidwa ndi mapampu, ndipo mapampuwo amadya magetsi a ku Shire. Namondwe wa Ana atagumula Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, mdima ndi ludzu zinabwera limodzi.

Apa ndi pomwe ndimadera nkhawa ntchito yokoka madzi ku nyanja ya Malawi kuchokera ku Salima, yomwe anapatsidwa a Khato Civils ndipo inatha zaka zambiri ili m'makhoti ndi m'mikangano ya ndalama. Madzi kunyanja ngosatha, palibe angatsutse. Koma mtunda wake ngoposa makilomita 100, ndipo Lilongwe ali pamwamba kuposa nyanjayo ndi mamita oposa 500. Dontho lililonse lidzachita kukankhidwa chitunda ndi magetsi, ndipo kukamwa kwa paipiyo kudzafunika kulondera usana ndi usiku kuopa mchenga, namasupuni ndi alendo ena obwera atamatirira kunsi kwa maboti. Bilu ya zonsezi idzagwera yemwe akutunga pa kiyosiki.

Ndipo madziwo akadzafika, adzalowa m'mapaipi omwewa odutsa m'ngalande za ku Area 36.